Mafunso ndi Mayankho: Kufulumizitsa Kupeza Chotsala pa Manambala a Floating-Point

Makalata amene tikuyankha mwezi uno onse akukhudza ntchito ziwiri za mu laibulale ya masamu ya chinenero cha mapulogalamu cha C (laibulale ndi nkhokwe ya timapulogalamu tokonzedwa kale timene mapulogalamu ena amaitana), zomwe ndi fmod ndi remainder, zimene zimapeza chotsala pamene nambala ya floating-point, ndiye kuti nambala yokhala ndi kadontho monga momwe kompyuta imaisungira, yagawidwa ndi inzake. Makalata ena tawafupikitsa kuti mayankho akwane.

Funso: Akonzi, ine ndimaphunzitsa masamu kusekondale ndipo ndayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu. Ndinamva kuti akatswiri amene amasamalira glibc, laibulale ya C ya GNU, analembanso fmod mu 2023 kuti izithamanga kwambiri. Chandidabwitsa n'chakuti kupeza chotsala ndi masamu a kupulayimale: umagawa, umataya za kuseri kwa kadontho, umachulukitsa, kenako n'kuchotsera. Kodi pamenepa pali chiyani choti munthu n'kufulumizitsa? Ndine mphunzitsi wa masamu.

Yankho: Aphunzitsi, njira mwafotokozayo ndi yolondola papepala, pomwe munthu angalembe nambala yaitali monga momwe akufunira, koma mu kompyuta imatha kupereka yankho lolakwika, ndipo chifukwa chake chili m'kasungidwe ka manambalawo. Malinga ndi muyezo wa IEEE 754, umene unakhazikitsidwa mu 1985 ndipo William Kahan anatengapo mbali yaikulu poukonza, nambala ya mtundu wa double imasungidwa m'mabiti 64 (biti ndi malo osungira 0 kapena 1): biti imodzi ndi ya chizindikiro cha + kapena −, mabiti 11 ndi a exponent, imene imanena mphamvu ya 2 yochulukitsira, ndipo mabiti 52 ndi a mantissa, imene ndi nambala yochulukitsidwayo, kuwonjezerapo biti ina imodzi imene silembedwa koma imangodziwika kuti ilipo. Motero nambala iliyonse ya mtundu umenewu ndi nambala yathunthu ya mabiti osapitirira 53 yochulukitsidwa ndi mphamvu ina ya 2, ndipo yankho lililonse limene silikukwana m'mabiti 53 amenewo limasendezedwa ku nambala yapafupi imene ikukwana.

Tiyeni titenge 10^17, ndiye kuti 1 wotsatiridwa ndi maziro 17, tigawe ndi 3. Manambala onse awiri amasungika ndendende mu double, ndipo chotsala chenicheni ndi 1. Kompyuta ikagawa, yankho loona ndi 33,333,333,333,333,333 ndi kachidutswa, koma manambala a double akafika pa kukula kumeneko amatalikirana ndi 4, choncho imene imasungidwa ndi 33,333,333,333,333,332. Imeneyi ikachulukitsidwa ndi 3 imapereka 99,999,999,999,999,996, koma pamenepo manambala amakhala akutalikirana ndi 16, ndipo yapafupi kwambiri ndi 10^17 yomwe tinayamba nayo ija. Kuchotsera kumapereka 0. Wina anganene kuti tigwiritse ntchito lamulo la FMA, limene limachulukitsa ndi kuchotsera pakamodzi popanda kusendeza nambala pakati, koma nalonso limapereka 4, chotsala chachikulu kuposa 3 amene tikugawa naye.

Chimene chimasiyanitsa fmod ndi ntchito zina monga sin, exp kapena log n'chakuti yankho lake loona nthawi zonse limakwana mu double popanda kusendezedwa. Ngati nambala yogawidwayo ndi yaing'ono kuposa yogawa nayo, yankho ndi yogawidwayo momwe ilili. Ngati ndi yaikulu, manambala onse awiri amagawika ndendende ndi mtengo wa biti yomaliza ya yogawa nayoyo, choncho chotsalacho nachonso chimagawika ndi mtengo womwewo, ndipo popeza n'chaching'ono kuposa yogawa nayo, sichingafune mabiti oposa 53. Poti yankho langwiro lilipo, laibulale ilibe chowiringula: iyenera kulipereka lonse mpaka biti yomaliza. Pofuna kutero imavula manambala onse awiri n'kugwira ntchito ndi mantissa zake monga manambala athunthu, ndipo ntchito imeneyo ndi imene imatha kutenga nthawi yaitali.

Funso: Akonzi, poyesa pulogalamu yanga ndinapeza kuti fmod nthawi zina imabweza yankho msanga, koma nthawi zina imachedwa mowirikiza kambirimbiri, ngakhale kuti ntchito yake ndi imodzimodzi. Kuchulukitsa ndi kugawa sikusinthasintha liwiro motere. Kodi n'chiyani chimaichedwetsa? Ndine wophunzira wa sayansi ya makompyuta.

Yankho: Inu ophunzira, nthawi imene fmod imatenga imadalira kutalikirana kwa ma exponent a manambala awiriwo, ndipo m'malaibulale akale kudalira kumeneku kunali kwakukulu kwambiri. Malaibulale ambiri anatengera njira yawo ku fdlibm, laibulale imene Sun Microsystems inatulutsa mu 1993, ndipo njira yake ndi kugawa kwakutali kuja timaphunzira kusukulu, kungoti kumachitika pa manambala a 0 ndi 1. Pa ulendo uliwonse imayesa kuchotsera mantissa ya yogawa nayo ku chotsala chimene ili nacho. Ngati zatheka imasunga zimene zatsalazo, ngati sizinatheke imasiya chotsalacho momwe chinalili, kenako imachikankhira kumanzere ndi biti imodzi n'kuyambiranso. Maulendowo amakhala ochuluka mofanana ndi kusiyana kwa ma exponent.

Manambala akakhala oyandikana kukula, monga 370.5 ndi 360, maulendowo amakhala ochepa kwambiri. Koma biti yapamwamba ya double yaikulu kwambiri imaimira 2^1023, pomwe nambala yaing'ono kwambiri yoposa ziro, imene ili m'gulu la ma subnormal (manambala aang'ono kwambiri oyandikira ziro), ndi 2^-1074, choncho maulendo angafike 2,097 pofuna kupeza yankho limodzi lokha.

Kuchuluka kwa maulendo sindilo vuto lokhalo. Purosesa yamakono imayamba kugwira malamulo a kutsogolo isanamalize a m'mbuyo, ndipo ikafika pa mphambano, pomwe pulogalamu imasankha pakati pa njira ziwiri, imalosera njira imene pulogalamu itenge. Pa mphambano zambiri kulosera kumeneku kumalondola, chifukwa mapulogalamu amakonda kubwereza zomwe achita kale, koma funso loti kuchotsera kutheka kapena ayi lilibe kachitidwe kodziwika, moti purosesa imaphonya pafupifupi theka la nthawi. Ikaphonya imataya ntchito imene inayamba n'kubwerera, ndipo pa mapurosesa ambiri zimenezi zimadya kugunda kwa wotchi ya purosesa kwa pakati pa 10 ndi 20. Compiler, pulogalamu imene imamasulira zolemba zanu kukhala malamulo a purosesa, ingachotse mphambanoyo pogwiritsa ntchito lamulo losankha nambala popanda kudumpha, koma ulendo uliwonse umadikirabe yankho la ulendo wapitawo, choncho palibe maulendo awiri amene angachitike nthawi imodzi.

Mwina mungafunse ngati purosesa ilibe lamulo lake lochitira ntchitoyi. Pa makompyuta a x86 lilipo. Intel 8087, imene inatuluka mu 1980, inabwera ndi lamulo la FPREM, ndipo 80387 inawonjezera FPREM1 limene limatsatira muyezo wa IEEE 754. Koma lamuloli limachepetsa kusiyana kwa ma exponent ndi mabiti osapitirira 63 pa ulendo umodzi, kenako limaimika chizindikiro cha C2 posonyeza kuti silinamalize, ndipo pulogalamu imaliitananso mpaka chizindikirocho chitazima. Ndi lamulo lochedwa, ndipo lili m'gawo lakale la x87, pomwe mapulogalamu amakono a 64-bit amasunga manambala a double m'marejisita (timalo tosungira manambala mkati mwa purosesa) a gawo latsopano la SSE, motero manambalawo amayenera kusamutsidwa popita ndi pobwera pomwe. Mapurosesa a ARM a 64-bit ndi a RISC-V alibe n'komwe lamulo lotere, choncho kumeneko ntchito yonse ili m'manja mwa laibulale.

Funso: Akonzi, ngati yankho liyenera kukhala langwiro ndipo palibe njira yachidule, nanga njira yatsopanoyo ikupeza kuti liwiro lake? Ndikupempha mufotokoze masamu ake enieni, osangoti akatswiri anakonza. Ndine mayi wolemba mapulogalamu a makina oyezera zinthu.

Yankho: Mayi, pempho lanulo n'loyenera, ndipo masamu ake si ovuta. Tinene kuti nambala yogawidwa ndi a yochulukitsidwa ndi 2^p, ndipo yogawa nayo ndi b yochulukitsidwa ndi 2^q, pomwe a ndi b ndi manambala athunthu a mabiti osapitirira 53. Chotsala chimene tikufuna chimapezeka pochulukitsa a ndi 2^(p−q), kugawa ndi b, kutenga chotsala, kenako n'kuchichulukitsa ndi 2^q. Nambala ya a yochulukitsidwa ndi 2^(p−q) ingakhale ya mabiti oposa 2,000, koma palibe chifukwa choilembera yonse, pakuti pali lamulo la masamu limene limatilola kutenga chotsala pa sitepe iliyonse ya kuchulukitsa popanda kusintha yankho lomaliza.

Chitsanzo cha manambala wamba chithandiza. Tikufuna chotsala cha 1,000,000 pogawa ndi 7. Tikamapita ndi ziro mmodzi pa ulendo, 10 amatsala 3, 30 amatsala 2, 20 amatsala 6, 60 amatsala 4, 40 amatsala 5, ndipo 50 amatsala 1, amene ndi maulendo 6. Tikamapita ndi maziro atatu, 1,000 amatsala 6, kenako 6,000 amatsala 1, maulendo awiri okha, ndipo yankho ndi lomwelo. Njira yakale inali ngati kutunga madzi ndi supuni ndowa ili pomwepo, chifukwa rejisita ya purosesa ili ndi mabiti 64, mantissa imatenga 53 okha, ndipo mabiti 11 otsalawo ankangokhala. Chotsala chimatha kukankhidwa ndi mabiti 11 pakamodzi osasefukira, kenako lamulo logawa manambala athunthu n'kupereka chotsala chatsopano. Maulendo 2,097 aja amatsika kufika pa 191. Pa mtundu wa float, umene umasungidwa m'mabiti 32, phindu limakula koposa, chifukwa mantissa yake ndi ya mabiti 24, malo otsala ndi mabiti 40, ndipo kusiyana kwakukulu kwa ma exponent ndi 276, choncho maulendo 7 amakwanira.

Palinso malo ena amene amapezeka ulele. Manambala ambiri amene anthu amagawa nawo ali ndi maziro ochuluka kumapeto kwa mantissa. Mwachitsanzo 360 ndi 45 wochulukitsidwa ndi 8, ndipo 45 amakwana m'mabiti 6. Purosesa ili ndi lamulo lowerenga maziro a kumapetowo mwachangu, ndipo akachotsedwa, malo okankhira amakula kuchoka pa mabiti 11 kufika pa 58, moti ngakhale double yaikulu kwambiri ikagawidwa ndi 360 imafuna maulendo osakwana 20.

Chatsala ndi mtengo wa lamulo logawa, limene ndi limodzi mwa malamulo ochedwa kwambiri. Pa mapurosesa a Intel amene anatuluka Ice Lake isanabwere mu 2019, kugawa manambala a mabiti 64 kunkadya kugunda kwa wotchi makumi angapo, pomwe kuchulukitsa kumadya kutatu kapena kunayi kokha. Popeza b sasintha m'maulendo onsewo, ndi bwino kugawa kamodzi kokha pachiyambi: nambala yaikulu kwambiri ya mabiti 64 imagawidwa ndi b, ndipo yankho lake limasungidwa. Pa ulendo uliwonse chotsala chimachulukitsidwa ndi yankho losungidwalo, theka lapamwamba la zotuluka za mabiti 128 limapereka chiyerekezo cha kuchuluka kwa ma b amene akulowamo, ndipo chiyerekezocho chimachulukitsidwa ndi b n'kuchotseredwa. Chiyerekezocho chimatha kuperewera pang'ono koma sichipitirira, choncho kuchotsera b kowonjezera kumakonza zimene zaperewera. Ganizo limeneli ndi lofanana ndi njira imene Paul Barrett anafotokoza mu 1986 pofuna kufulumizitsa masamu a RSA, njira yobisira mauthenga, ndipo chofunika kuchizindikira n'chakuti ngakhale pali kuyerekeza pakati, chotsala chimene chimatuluka ndi changwiro, chifukwa zonse zikuchitika pa manambala athunthu. Njira ya mtundu umenewu ndi imene inalowa mu glibc 2.38.

Munthu wokonda masamu angaone kuti tingapite patsogolo. M'chitsanzo chathu chija, titadziwa kuti 1,000 amatsala 6, tikanangochulukitsa 6 ndi 6 n'kupeza 36, amene amatsala 1. Njira yochulukitsa chotsala ndi icho chomwe mobwereza imafika pa mphamvu iliyonse yochepera 4,096 m'masitepe 12. Koma sitepe iliyonse imatulutsa nambala ya mabiti oposa 100 imene iyenera kuchepetsedwanso, ndipo phindu lake limaoneka pokhapokha ma exponent atalikirana kwambiri. Ife tikuona kuti pa laibulale imene mapulogalamu onse a m'kompyuta amadalira, kuwonjezera zovuta zotere chifukwa cha manambala amene sapezekapezeka n'kosapindulitsa kwenikweni. Phindu lalikulu lili kumbali inayo: kuzindikira msanga kuti manambala onse awiri ndi abwinobwino ndipo ma exponent ake sakusiyana ndi mabiti oposa 11, n'kugawa kamodzi, n'kubweza yankho, pomwe ziro, infinity (nambala yopanda malire), NaN (chizindikiro chakuti yankho si nambala) ndi ma subnormal akutumizidwa ku njira ina yapambali kuti asachedwetse anzawo.

Funso: Akonzi, ndili ndi mafunso awiri. Loyamba, kodi fmod ndi remainder zikusiyana pati? Lachiwiri, ndinayesa fmod pa 1.0 ndi 0.1 ndipo inandipatsa 0.09999999999999995 m'malo mwa 0. Kodi kufulumizitsaku sikunawononge kulondola kwake? Ndine bambo wowerengera chuma amene ndimalembanso timapulogalamu tanga.

Yankho: Bambo, tiyambe ndi lachiwirilo kuti mtima ukhale m'malo. Yankho limenelo ndi lolondola, ndipo laibulale yakale imapereka lomwelo. Nambala ya 0.1 sisungika ndendende m'mabiti, ndipo double yapafupi nayo ndi pafupifupi 0.1000000000000000055, yokulirapo pang'ono kuposa gawo limodzi mwa magawo 10. Nambala imeneyo imalowa mu 1.0 ka 9 kokha, osati ka 10, ndipo chotsala chake ndi chimene mwachionacho. Ungwiro wa fmod umakhudza manambala amene yapatsidwa, osati amene wolemba pulogalamu anali nawo m'maganizo. Pa ntchito yanu yowerengera ndalama, ndi bwino kusunga zonse monga manambala athunthu a kandalama kakang'ono kwambiri n'kupewa floating-point.

Kusiyana kwa ntchito ziwirizo kuli pa momwe yankho la kugawa limasandutsidwira nambala yathunthu. Ntchito ya fmod imangotaya za kuseri kwa kadontho, choncho chotsala chimatenga chizindikiro cha nambala yogawidwayo: 5 ndi 3 amapereka 2, ndipo −7 ndi 3 amapereka −1. Ntchito ya remainder, imene inalowa m'chinenero cha C ndi muyezo wa 1999 potsatira IEEE 754, imasankha nambala yathunthu yapafupi, moti 5 ndi 3 amapereka −1, chifukwa 3 wochulukitsidwa ndi 2 ndi 6, amene ali pafupi ndi 5 kuposa 3. Yankho la kugawa likagwera pakatikati, imasankha nambala yogawika ndi 2, choncho 5 ndi 2 amapereka 1, pomwe 7 ndi 2 amapereka −1. Chotsala chake sichiposa theka la nambala yogawa nayo. Palinso remquo, imene imapereka chotsala chomwecho pamodzi ndi mabiti osachepera atatu a kumapeto kwa yankho la kugawa.

Pa nkhani ya liwiro, ntchito ziwirizi zimayendera limodzi. Mu fdlibm, remainder imayamba yaitana fmod ndi nambala yogawa nayo yowirikizidwa kawiri, kenako imachotsera kamodzi kapena kawiri kuti chotsala chigwere m'malire ake. Kuwirikizako kumathandiza kusunga chidziwitso choti yankho la kugawa ndi logawika ndi 2 kapena ayi, chimene chimafunika pa nkhani ya pakatikati ija. Motero m'malaibulale otengera ku fdlibm, fmod ikafulumira, remainder nayonso imafulumira. Dziwaninso kuti zinenero zina zimasiyana: chizindikiro cha % mu Java ndi JavaScript chimachita ngati fmod, pomwe mu Python chotsala chimatenga chizindikiro cha yogawa nayo, moti −7.0 % 3.0 imapereka 2.0.

Funso: Akonzi, ndinamanga pulogalamu yanga pa kompyuta yatsopano, koma itapita pa seva yakale inakana kuyamba, ndipo uthenga wake ukunena kuti GLIBC_2.38 sinapezeke. Nditafufuza ndinapeza kuti chochititsa ndi fmod. Kodi ntchito yakalekale ngati imeneyi ingafune bwanji laibulale yatsopano? Ndine woyang'anira maseva.

Yankho: Inu oyang'anira maseva, zimenezi zikuchokera ku mbali yachiwiri ya kufulumizitsa komweko. Kwa zaka zambiri ntchito za masamu mu glibc zinkakutidwa ndi kantchito kena kakang'ono kamene kankayang'ana ngati pachitika cholakwika, monga kugawa ndi ziro, n'kutsatira kachitidwe kakale ka muyezo wa Unix wotchedwa SVID kamene kankalola pulogalamu kulandira zolakwikazo kudzera mu kantchito kotchedwa matherr. Kachitidwe kameneka kanatsekedwa kwa mapulogalamu atsopano mu glibc 2.27 ya 2018, koma chokutiracho chinatsalabe pa ntchito zambiri. Pamene fmod yeniyeniyo inali yochedwa, mtengo wa chokutiracho sunkaoneka, koma itafika pomaliza ntchito ndi kugawa kumodzi, kuyang'ana kowonjezerako kunayamba kuoneka pa nthawi yonse. Choncho mu 2.38 fmod inayamba kulemba yokha errno, nambala yosonyeza mtundu wa cholakwika, pamene cholakwika chachitikadi, ndipo inapatsidwa nambala yatsopano ya mtundu wake kuti mapulogalamu akale amene amadalira kachitidwe kakale asasokonezeke.

Zotsatira zake n'zakuti pulogalamu yakale imagwirabe ntchito pa laibulale yatsopano, ndipo imapindula ndi njira yofulumira ngakhale ikudutsabe m'chokutira chija, koma pulogalamu yomangidwa pa laibulale yatsopano imapempha mtundu watsopanowo, umene seva yanu yakale ilibe. Njira yodalirika ndi kumangira pulogalamuyo pa kompyuta kapena mu container (malo opatulidwa mkati mwa kompyuta okhala ndi malaibulale akeake) imene ili ndi glibc yakale kwambiri mwa zonse zimene mukufuna kuti igwirepo ntchito. Sitikulangiza kuti mukopere libm yatsopano, imene ndi gawo la masamu la glibc, pa seva yakaleyo, chifukwa imayenera kuyendera limodzi ndi zigawo zina za glibc za mtundu womwewo.

Funso: Akonzi, kodi anthu amatsimikiza bwanji kuti njira yatsopano ndi yofulumiradi ndiponso kuti sinalakwitse pena pake? Ndiponso pulogalamu yanga imagwiritsa ntchito fmod pobweza ngodya m'malire a 0 mpaka 360. Kodi ndiyembekezere kuti ifulumira? Ndine wolemba masewera a pakompyuta.

Yankho: Inu olemba masewera, kuyeza liwiro la fmod kumafuna kusamala kuposa kuyeza ntchito zina, chifukwa nambala imodzi yonena kuti yafulumira mwakutimwakuti ilibe tanthauzo ngati sizikudziwika kuti manambala oyesera anali otani. Munthu akasankha mabiti mwachisawawa, ma exponent amatalikirana kwambiri, ndipo njira yatsopano imaoneka yofulumira mowirikiza kambiri, koma mapulogalamu enieni sagwiritsa ntchito manambala otero kawirikawiri. N'chifukwa chake oyesa amapatula magulu: manambala oyandikana kukula, otalikirana, ndi ma subnormal. Amayezanso zinthu ziwiri zosiyana, zomwe ndi nthawi imene yankho limodzi limatenga pamene ntchito yotsatira ikulidikira, ndi kuchuluka kwa mayankho pa sekondi pamene palibe limene likudikira linzake. Amabwerezanso pa mapurosesa osiyanasiyana, popeza njira imene imapewa kugawa imapindulitsa kwambiri pa purosesa yochedwa kugawa, koma phindu lake limachepa pa purosesa imene imagawa msanga.

Pa kulondola, ntchito yolandira nambala imodzi ya float imatha kuyesedwa pa manambala onse 4,294,967,296. Koma fmod imalandira manambala awiri, ndipo ngakhale pa float mapeyala ake ndi 2^64, amene angatenge zaka zoposa 580 ngati tikuyesa biliyoni imodzi pa sekondi. Choncho oyesa amafananitsa mayankho ndi a laibulale ya GNU MPFR, imene imawerengera ndi mabiti ochuluka monga momwe munthu wafunira, komanso ndi a njira yakale, ndipo popeza yankho loona ndi limodzi lokha, kusiyana kwa biti imodzi ndi cholakwika. Kenako amalimbana ndi m'malire, momwe zolakwika zimakonda kubisala: kugawa ndi ziro ndiponso kugawa infinity kuyenera kupereka NaN, kugawa nambala wamba ndi infinity kuyenera kubweza nambalayo, chotsala chikakhala ziro chiyenera kutenga chizindikiro cha yogawidwayo, ndipo yankho limene lagwera m'gulu la ma subnormal liyenera kulembedwa molondola.

Pa pulogalamu yanu, yambani mwayeza ndi chida ngati perf kuti muone gawo la nthawi limene fmod ikudya, pakuti ngati gawolo ndi laling'ono, kufulumira kwake simudzakuona. Ngodya zanu zili pafupi ndi 360 kukula kwake, choncho zimadutsa pa njira ya kugawa kumodzi ija. Koma ngati mukudziwa kuti ngodyayo imangowonjezeka pang'ono pa sitepe iliyonse ndipo siifika pa 720, simukufunika fmod n'komwe, chifukwa kuyang'ana ngati yafika pa 360 n'kuchotsera 360 n'kokwanira. Kuchotsera kumeneko n'kwangwiro, malinga ndi lamulo lodziwika ndi dzina la Sterbenz, limene limati manambala awiri a floating-point akakhala kuti palibe imene ikuposa inzake kuwirikiza kawiri, kusiyana kwake kumasungika ndendende.

Chenjezo lili pa ngodya za ma radian, muyeso umene kuzungulira kwathunthu kumakhala 2π m'malo mwa 360. Nambala ya 360 imasungika ndendende, koma 2π siisungika, ndipo kachidutswa kamene kaperewera kamachulukitsidwa ndi kuchuluka kwa maulendo amene 2π yalowa mu ngodyayo. Ngodya ikakhala yaikulu kwambiri, fmod imapereka chotsala changwiro cha nambala imene si 2π yeniyeni, ndipo sin kapena cos wa chotsalacho amatha kusokonekera kotheratu. Ndi bwino kupereka ngodyayo kwa sin kapena cos momwe ilili, chifukwa malaibulale abwino amasunga mabiti oposa 1,000 a nambala yochokera ku π n'kuchepetsa ngodya zazikulu potsatira njira imene Payne ndi Hanek anafotokoza mu 1983.